Tsache la Che Bwanali

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirire Che Bwanali, ndipo abale awo anditumizira uthenga kuti sadaka ili Loweruka kwa Kalembo. Ndipita. Ndine munthu wa tchalitchi, koma mpunga wawo ndikadya mopanda manyazi, chifukwa mwa onse amene akakhale pamkeka paja palibe amene anakangana ndi mkulu ameneyu kuposa ine. Pafupifupi zaka khumi ndi zinayi tinagwira ntchito m'boti limodzi pa Shire, m'paki ya nyama, ine kumbuyo ndi injini, iwo kutsogolo ndi alendo. Zimene ndinene pano ndinazitsekera pakamwa nthawi yonseyo. Tsopano ndikhoza kuzinena, poti munthu wakufa sachotsedwa ntchito.

Ntchito yawo inali kuyenda ndi alendo, kuwaonetsa nyama, mbalame, mitengo ndi mabwinja. Anali munthu wamfupi, woonda, wa miyendo yokhota. Yunifolomu ya kaki ankavala monga tonse, koma chipewa cha paki anachikana tsiku loyamba. Kumutu kwawo kunkakhala mzuli woyera, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ankauchapa nthawi yanji. Mfuti sanagwirepo. Chida chawo chinali tsache la masamba a mgwalangwa, lomanga okha, limene ankalipanira m'khwapa kulikonse kumene akupita. Likatha ankamanga lina. Azungu ankalijambula tsachelo kuposa mmene ankajambulira mvuu.

Chizungu anachiphunzira kukhitchini kwa mzungu wina ku Zomba, choncho chinali chizungu cholamula. Mlendo kaya ndi dokotala kaya ndi mkazi wa kazembe ankangouzidwa kuti khala, ima, tseka pakamwa, ndipo ankamvera. Nyama sankalonjeza. Wina akafunsa ngati aone njovu lero, yankho linali lakuti njovu sinalembedwe ntchito ndi boma kuti izifika pa nthawi yake. Ankanenanso kuti mlendo wothamanga amabwerera kwawo ataona matako a nyama okhaokha, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma njovuzo ankazipeza. Ankaima, kununkhiza mphepo, kupsinya ndowe ndi chala cha kuphazi, kenako n'kuloza ndi mlomo. Tikakhota pa bango, nazo zili m'madzi mpaka m'makutu.

Musaganize kuti anali mngelo. Bodza anali nalo, ndipo linali lonona. Pali mlambe wina waukulu pafupi ndi kampu umene zaka zake zinkasintha malinga ndi nkhope ya mlendo: Lolemba mazana atatu, Lachinayi chikwi. M'phanga lake tsiku lina munkabisala anthu othawa ogula akapolo, tsiku lina munkabisala ogula akapolowo. Nditawadzudzula anati zonse ziwiri n'zoona, kungoti ine ndine wa injini, mbiri sindiidziwa. Anthu ophunzira obwera ndi mabuku a mbalame ankawanyoza poyera, ati amenewo amayang'ana buku mbalame ikuuluka. Mwezi wa Ramadani pofika masana ankasanduka mavu, ndipo wanzeru ankawalambalala. Ine ankandinena za kachasu Lolemba lililonse, pamaso pa alendo, m'Chichewa, akumwetulira ngati akundiyamikira.

Tinakhalapo mwezi wathunthu osayankhulana chifukwa cha mvuu. Inavuuka ndi kamwana kake pafupi ndi boti, iwo anati ndikhotere kubango, ine ndinaona ngati kuthamanga ndiye nzeru, ndipo tinakatsakamira pa mchenga, alendo miyendo m'mwamba. Mvuu inatisiya, mwina chifukwa cha chisoni. Kuyambira pamenepo mkuluyo ankandiyankhula kudzera mwa alendo. Ankapempha mzungu, mwaulemu wonse, kuti auze dalaivala akhotere kumanja ngati dalaivalayo ali ndi makutu lero. Mzungu ankatembenuka n'kundiuzadi. Ndinapirira milungu inayi, kenako ndinapepesa, ndipo anandiyankha kuti iwo sanakwiyepo n'komwe.

Koma mkangano wathu waukulu unali wa chilumba.

Kumtunda kwa kampu mtsinje umagawikana n'kusiya kachilumba kakang'ono, migwalangwa m'mbali, mvunguti waukulu pakati. Ulendo uliwonse wa m'mawa unkathera pamenepo, ndipo Che Bwanali anali ndi malamulo awo. Injini izime tikadali patali, boti likankhidwe ndi nsungwi. Nsapato zonse zitsale m'boti. Pachilumba palibe kulankhula mokweza, kudya, kusuta kapena kupambukira kuthengo. Chifukwa chake ankati njovu zimawolokera pamenepo, ndipo zimamva ngakhale kulira kwa nsapato yatsopano. Msilikali wa mfuti amene ankatiperekeza ankauzidwa kuti alondere boti, ndipo poti asilikaliwo ankasinthasintha komanso ambiri anali ochokera kutali, ankakondwa kutsala pamthunzi. Akafika pansi pa mvunguti mkuluyo ankasesa. Ankasesa mofatsa, atawerama, kuchotsa tsamba lililonse, n'kumauza alendo monong'ona kuti pamalo posesa ndi pamene mawa lake pamaoneka mapazi atsopano a nyama. Zinalinso zoona. M'mawa uliwonse pa dothi lija pankakhala patalembedwa zonse zimene zadutsa, katumbu, ng'azi, mvuu, ndipo iwo ankawerenga ngati nyuzipepala. Azungu ankasangalala kuyenda opanda nsapato, ena mpaka kupempha kuti asese nawo, koma tsache sankabwereketsa.

Wovutika ndinali ine. Boti lodzaza anthu onenepa, kulikankha ndi nsungwi molimbana ndi madzi, injini yabwinobwino ili duu kumbuyo kwako! Zaka ziwiri ndinkatukwana mumtima, nthawi zina ndi pakamwa pomwe.

"Che Bwanali, njovu zomwezi timazidutsa ndi injini kumunsi kuja osathawa. Zikafika pano zimamera makutu ena?"

"A Jailosi, inu anakulembani ntchito yoyendetsa boti kapena yofunsa mafunso?"

"Msana ukuwawawu ndi wanga."

"Msana wathyoka ndi kachasu, osati nsungwi iyayi. Kankhani."

Chaka chachitatu mayi wina wachizungu anaiwala magalasi ake oonera patali m'boti, ndipo ndinawatsatira nawo. Ndinapeza alendo onse makosi ali m'mwamba, akufunafuna kadzidzi wodya nsomba amene Che Bwanali anawalozera mu mvunguti. Mwini wake anali kumbuyo kwawo, tsache lili pansi, zikhato zili zotambasula, milomo ikugwedera. Ndi pamene ndinayang'ana pansi bwinobwino kwa nthawi yoyamba. Miyala imene ndinkaiyesa yongogwera inali iwiriiwiri, wina kumutu wina kumiyendo, ndipo yonse inaloza mbali imodzi. Mitumbira inafafanizika kalekale ndi madzi osefukira ndi mapazi a mvuu, koma munthu wobadwira kumudzi safunika kuuzidwa. Ndinali nditaima pamanda.

Alendo atatsika pa kampu, mkuluyo anandipeza ndikupukuta injini.

"Mwaona chiyani kuja, a Jailosi?"

"Ndaona kadzidzi."

"Wamkulu eti?"

"Wamkulu zedi."

"Chambone," anatero m'Chiyao chawo, kutanthauza kuti zili bwino, n'kunditsinirako fodya wa mphuno, koyamba ndi komaliza pa moyo wawo. Kuyambira tsiku limenelo injini ndinkaizima ndisanauzidwe.

Nkhani yonse anandiuza pang'onopang'ono, lero kachidutswa, mwezi wamawa kena. Mudzi wawo unali tsidya la kum'mawa, pamene lero pali mitengo ya tsanya ndi nswala. Makolo awo ankaika maliro pachilumba pothawa afisi, jeneza lonyamulira mtembo kulikweza m'bwato. Boma litadula malire a paki kunabwera malole. Anthu anakweza mbuzi, mitondo, zitseko ngakhale madenga, n'kukatsitsidwa kwa Kalembo. Manda sakwera lole. Pachilumba panatsala mayi awo, ana awo awiri amene anapita ndi chikuku chaka chimodzi, ndi mkazi wawo woyamba, Abiti Ali. Chaka chotsatira msuweni wawo anapalasa bwato kukasesa mandawo Ramadani isanayambe, monga ankachitira kale. Anamugwira namuyesa wopha nyama mozemba, ndipo anabwerako kundende alibe mano akutsogolo. Kodandaula kunalibe. Pamisonkhano kunkanenedwa kuti anthu anasamuka mokondwa, ndipo wonena zina anali woukira.

Che Bwanali sanadandaule. Anachapa mzuli n'kupita kukampu kukauza bwana kuti palibe munthu wodziwa mtsinjewu kuposa iwo, zimenenso zinali zoona. Kwa iwo ntchito ija inali chitseko chokhacho cholowera kwa akufa awo. Mabwana akanadziwa, akanachitseka tsiku lomwelo, poopa kuti mudzi wonse ungayambe kubwerera ndi matsache.

Nditadziwa zimenezi, ndinayamba kumva zina zimene kale zinkangodutsa m'makutu. Pali malo tsidya lija pamene tinkatsitsa alendo kukaona bwinja: mitengo ya mango itandandalika, mphero ya mwala, mapale a miphika. Mkuluyo ankawauza kuti pano panali mudzi wa anthu akalekale, ndipo ankafotokoza pamene panali nkhokwe, pamene panali mzikiti, pamene amayi ankasinjira. Alendo ankadabwa kuti munthu wosaphunzira akudziwa bwanji zakale chotere pongoyang'ana dothi. Amene anadzala mango amenewo anali Che Bwanali eni ake. Akapsa ankatola limodzi, kulinunkhiza, n'kulisiyira anyani.

Mkazi wawo wachiwiri ankadziwa zonse, ndipo sizinkamusangalatsa. Tsiku lina ndikudya kwawo anandiuza, mwamuna wake ali pomwepo:

"Achimwene, anzanga amalimbana ndi akazi amoyo. Ine mkazi mnzanga amasesedwa pakhomo tsiku ndi tsiku. Pano bambowa tsache sanaligwirepo chikwatiranireni."

Che Bwanali anangoyang'ana kumbali, ati nkhuku zikudya mpunga pa mphasa.

Ndikukumbukiranso mzungu wina wokalamba, woyendayenda komanso wolongolola, amene tinamunyamula chaka china. Anati anali atangochokera ku zilumba za m'nyanja yaikulu ya mchere, kuseri kwa dziko, kumene oyenda ndi alendo amavala maluwa m'khosi, kuimba, kuvina, n'kukakuonetsa miyala imene makolo awo ankapembedzerapo. Anafunsa moseka chifukwa chake Che Bwanali savina. Mkuluyo anafunsa ngati alendo amaloledwa kuponda miyalayo. Mzungu anati inde, amakhalapo n'kujambulitsa, iye mwini chithunzi ali nacho. Che Bwanali anagwedeza mutu mwaulemu, kenako anandiuza m'Chichewa kuti anthu amenewo tisawaseke, chimene chimavinitsa munthu ndi njala. Koma mlendo ndi mame, anatero, sangapatsidwe mpando pamutu pa amayi. Mzungu ameneyo anavula nsapato monga wina aliyense, ndipo yekhayo analamulidwa kuvulanso chipewa.

Chimene chinawaulula ndi tsache lomwelo. Malo aja anayera, nakongola, mpaka alendo ankalemba za chilumba m'buku la pakampu. Ndiye kunamveka kuti kukubwera munthu wamkulu wa ku likulu kudzaona paki, ndipo nkhomaliro akadyera kuthengo. Bwana wa paki wa nthawi imeneyo, munthu wofunitsitsa kukwezedwa, anasankha chilumba. Pankafunika chisakasa, matebulo ndi chimbudzi. Tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu anabwera mwini wake kudzayendera malowo. Dzina sinditchula, bamboyo akadali moyo ndipo chipani chikadalipo. Anali munthu wamimba, baji pachifuwa, nsapato zakuda zoti ungadzionerepo nkhope. Anabwera ndi achinyamata awiri a malaya ofiira, aliyense khasu paphewa, kuti kukumba kuyambe tsiku lomwelo.

M'boti Che Bwanali anayesa zonse. Anati pachilumba pali linthumbu, tcheyamani anati athira mankhwala. Anati madzi akakwera malowo amamira, bwana wa paki anati mvula ikadali kutali. Ine ndinazima injini pamalo pa masiku onse, ndipo tcheyamani anandikalipira kuti ndiyatse, iye alibe tsiku lonse. Ndinati yafa. Mulungu andikhululukire, ndinakoka chingwe kasanu nditatseka mafuta.

Pagombe mkuluyo anawerama pang'ono, manja pamodzi.

"Bwana tcheyamani, pano timavula nsapato. Njovu zimamva."

"Madala, njovu ndi za boma. Boma silivulira nsapato katundu wake. Tsogolani."

Anatsogola. Ine ndinamangirira boti n'kutsatira. Tcheyamani atafika pansi pa mvunguti anaomba m'manja ndi chimwemwe, nayamba kuyeza ndi mapazi: apa tebulo la bwana, apa amayi ovina, apo ophika. Nsapato zija zinadutsa pa mayi, zinadutsa pa ana. Ndinkayang'ana khosi la Che Bwanali, mtsempha ukungodumpha. Kenako tcheyamani anapita chakumapeto kwa malo osesawo, mbali ya kumtsinje, naloza ndi chala pakati pa miyala iwiri.

"Chimbudzi apa. Pabisika bwino. Yambani."

Panali pa Abiti Ali.

Mmodzi wa achinyamata aja analavulira m'manja nakweza khasu. Che Bwanali sanathamange, sanakuwe. Anayenda mapazi atatu, anagoneka tsache pakati pa miyala ija, naimirira chowongoka. Anayang'ana tcheyamani m'maso, chinthu chimene sitichita, nafunsa ndi mawu a munthu amene akulandira uthenga wa zovuta:

"Pepani bwana. Mwabwera ndi makasu kumanda kwathu. Wamwalira ndani?"

Khasu lija linaima m'malere. Tonse amene tinali pamenepo tinakulira kumudzi, ndipo tonse tinkadziwa. Kumanda sukumba usanapemphe kwa eni ake, ndipo dzenje lokumbidwa kumanda siligona lopanda mwini. Ukalikumba popanda maliro limadzipezera lokha munthu, kawirikawiri m'nyumba ya wokumbayo kapena ya amene wamutuma. Wachinyamatayo anataya khasu ngati lamuotcha. Mnzake anabwerera cham'mbuyo mpaka anaponda madzi.

"Apa ndi mkazi wanga," anapitiriza mkuluyo, akuloza ndi mlomo, poti manda salozedwa ndi chala. "Pamene mwaimapo ndi mwana wanga wamng'ono. Mwini manda ndine. Ngati pali maliro nenani, ndikupatsani malo."

Ndinati basi, madala apita. Mawu amenewo anali okwanira kutsekera munthu. Anali atanena pamaso pa chipani kuti anthu anasiya akufa awo m'paki, ndipo anali ataulula kuti zaka zonsezi ankanamiza ofesi. Tcheyamani anayang'ana pansi pa nsapato zake, naona mwala uku, mwala uko. Thukuta linayamba kutsika m'khosi. Anachotsa phazi limodzi pang'onopang'ono, kenako linalo. Baji anali nayo, inde, koma mkati mwa jekete lake munali munthu amene nayenso anaikapo amayi ake penapake.

Anatembenukira kwa bwana wa paki, nakweza mawu kuti achinyamata amve.

"Inu, anasankha malo ano ndani? Simukuona kuti pano ndi njira ya njovu? Mukufuna bwana wamkulu apondedwe ndi njovu m'dera langa? Ndisadzamvenso kuti munthu wamanga kanthu pano. Madalawa akunena zoona, njovu zimamva."

Za manda sanatchule, ndipo palibe amene anatchula. Pagombe anati kwatentha, nawerama kusamba m'manja ndi kumaso. Achinyamata anachita chimodzimodzi, bwana wa paki nayenso, monga timachitira pochokera kumaliro. M'boti tcheyamani anavula nsapato zija, ati zamuthina, nazitsuka kunsi kwake yekha. Injini inalira nditangokoka kamodzi.

Nkhomaliro ija inakadyedwa pansi pa mlambe wa zaka zosinthasintha uja. Koma bwana wa paki anali atachititsidwa manyazi pagulu, ndipo mkwiyo wake unafuna pogwera. Kuwachotsa ntchito Che Bwanali sakanatha popanda kulemba chifukwa, ndipo chifukwacho tcheyamani anali atachikwirira. Choncho anawasamutsira ku geti, kukakweza ndi kutsitsa mtengo wotsekera magalimoto, kutali ndi mtsinje. Tsiku losamuka anandipeza padoko, nandipatsa tsache.

"A Jailosi, mapazi a nyama asaleke kuoneka."

"Ine ndine wa tchalitchi, madala. Mapemphero anu sindiwadziwa."

"Ndakutumani kupemphera? Sesani. Muziyambira kumutu. Ndipo mbali ya kumtsinje, mukapitirira pa mayi a ana, muzisesanso mikono inayi."

"Kumeneko kulibe miyala."

"Ndati sesani."

Ndinasesa. Munthu wa buku amene analowa m'malo mwawo ankayesa kuti kusesako ndi ntchito ya woyendetsa boti, ndipo lamulo la nsapato analisunga poti tsopano linali lamulo la tcheyamani. Che Bwanali anakhala ku geti mvula ziwiri. Ndinkawaona ndikamapita kukatenga mafuta, atakhala pa kampando, mzuli uli mbee, nkhope itakalamba mofulumira. Funso linali limodzi, ngati mapazi akuoneka. Ndikati akuoneka, ankatsitsa mutu n'kukweza mtengo kuti ndidutse. Zinkandiwawa kuwaona choncho, munthu wodziwa mtsinje wonse akulonda mtengo umodzi. Bwana uja atasamutsidwa, wolowa m'malo mwake anapeza makalata a alendo ofunsa za nkhalamba ya tsache, nabwezera Che Bwanali m'boti. M'mawa woyamba sanandithokoze. Anayendera malo onse manja kumbuyo, anati ndimasesa ngati munthu woledzera, n'kulanda tsache lawo.

Anagwira ntchito mpaka miyendo inakana. Miyezi yomaliza ndinkachita kuwagwira dzanja potsika m'boti, akunditukwana kuti ndikuwakoka ngati thumba la makala. Anamwalira kwawo kwa Kalembo m'mawa wa Lachitatu. Asilamu sachedwetsa maliro. Uthenga unandipeza ndili pamadzi, ndipo pofika ndinakumana ndi anthu akuchokera kumanda. Anaikidwa kumanda atsopano a pamudzi, m'mbali mwa munda wa thonje, pa dothi louma lopanda mthunzi. Za chilumba palibe amene anapempha, chifukwa panalibe ofesi yokapemphako. Ndinalira pamsewu pomwepo, njinga ili m'manja, ndipo sindichita manyazi kunena.

Dzulo tinapita ndi alendo pachilumba. Woyenda nawo tsopano ndi bambo wina wa ku Ntcheu, munthu waulemu. Tikuyandikira anatembenuka n'kuwauza monong'ona kuti avule nsapato, asalankhule, pano njovu zimamva kwambiri ndipo ndi lamulo lakale la paki. Amakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Sindinamuuze. Mwina ndidzamuuza ndikamapuma ntchito, ndikadzaona kaye kuti pakamwa pake ndi potani.

Alendo ali makosi m'mwamba ndi kadzidzi, ine ndinatenga tsache. Ndi lomanga ndekha, lopindika, Che Bwanali akanaliseka. Mvunguti wagwetsa maluwa ake ofiira ponseponse. Ndinayambira kumutu: amayi, ana awiri, Abiti Ali. Kenako ndinafika mbali ya kumtsinje, pa mikono inayi ija. Zaka zonsezi ndinkasesapo ngati munthu wongotumidwa, osafunsa. Dzulo ndinaima n'kuyeza ndi maso. Ndi malo a munthu mmodzi, wamfupi, ogundana ndi a Abiti Ali, oloza kumene miyala yonse yaloza. Dothi lake n'losalala ndi tsache la zaka zambiri, ngakhale udzu sumerapo. Panali mapazi a ng'azi ndi a kambalame kena, basi. Ndinasesapo bwinobwino, kuyambira kumutu.